Mayi a Tadala pa Sitima ya Achifwamba

Usiku watha ndinalota maloto oti mpaka pano ndikuwaonabe m'maso. Paja inu mukundidziwa, ntchito yanga ndi yomasulira mafilimu m'Chichewa, aja a malupanga ndi sitima zapanyanja. Azungu amangotsegula pakamwa, mawu onse ndimawaikira ndine, kaya ndi mfumu, kaya ndi mkazi. Mukudziwanso kuti mkazi wanga, mayi a Tadala, anapakira katundu n'kubwerera kwawo, ati m'nyumba mwathu wolankhula ndine ndekha. Loweruka likubwerali ankhoswe akhala pansi kuti aone ngati banja lipitirire.

Ndiye m'malotomo ndinangopezeka ndili pa sitima ya achifwamba, masanasana. Ndavala chipewa cha nthenga, lupanga m'chiuno, koma kumapaziku masilipasi anga osambira. Ngwazi ya filimuyo, amene timati ekita, ndinali ine, ndipo mantha ndinalibe olo pang'ono. Ekita safa. Akafa, gawo lachiwiri la filimu, pati thuu, aseweramo ndani?

Mkulu wa achifwambawo anali malume awo a mayi a Tadala, nkhoswe yawo ija. Diso limodzi anamangapo kansalu kakuda, koma jekete ndi lomwe lija amavala kumaliro. Mkazi wangayo anali pamwamba pa mlongoti wa sitima, atakhala phee, akusenda mbatata. Chingwe sanamangidwe, koma ine ndinangoti basi, achifwamba awa andibera mkazi.

Ndiye inayambika. Abale inu, ndinamenya nkhondo ine! Ndinadumpha migolo, ndinalendewera pa chingwe kuchoka uku kukatera uko, achifwamba akungogwera m'madzi ngati mango akupsa. Kenako sitima ija inasanduka shedi yathu yoonetseramo mafilimu, mabenchi odzaza thothotho, koma pansi pakadali nyanja. Lupanga la malume ndinaligwetsa ndi silipasi. Anthu m'manja, amayi nthungululu.

Kenako ndinakwera mlongoti uja mpaka ndinawapeza mayi a Tadala. Anayamba kulankhula, milomo ikugwedezeka, misozi ikutsika, koma mawu osamveka. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Poyang'ana m'manja, lupanga lija lasanduka maikolofoni. Ntchito yanga ndimaidziwa ine, sindidikira kumva zimene munthu akunena, ndimangoona nkhope basi. Ndiye ndinachepetsa mawu ngati achizimayi n'kuwalankhulira: "Bambo a Tadala, ndinalakwa ine, nditengeni tizipita kwathu."

Shedi yonse inasangalala. Koma eni akewo anapukusa mutu, milomo ikupitirirabe. Ndinawonjezera ina: "Mwamuna ngati inu kulibe." Apo malume analankhula ali pansi paja, mawu awo akumveka bwinobwino.

"Mkamwini, mwanayu sanamalize."

Mayi a Tadala anatambasula dzanja, kupempha maikolofoni. Ine ndinaikumbatira, chifukwa filimu ili mkati maikolofoni sabwereketsa. Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anatola mbale yawo ya mbatata n'kutsika okha, osathandizidwa ndi munthu. Anayenda pamwamba pa madzi aja kulowera pakhomo la shedi. Ndinakuwa kuti adikire, pati thuu ikubwera, koma magetsi anali atathima. Sanacheuke.

Pomwepo ndinadzidzimuka nditakumbatira pilo.

Tsono ine ndikuona kuti malotowa ndi abwino. Nkhondo ndinapambana, malume anagonja anthu akuona. Za Loweruka sindikuda nazo nkhawa, zokanena ndakonza kale, ngakhale mayankho awo ndikuwadziwa. Chikundisowetsa mtendere ndi chimodzi chokha, milomo ija. Zaka zonsezi ndakhala ndikudyera milomo ya anthu olankhula zilankhulo zoti sindizimva n'komwe, koma pa milomo ya mkazi wanga sindinatolepo liwu ngakhale limodzi, ndipo zimenezi zikundiwawa.

Inu odziwa maloto, tandiuzeni, ankati chiyani?