Phulusa la Makoko a Nthochi

Senderani kuno, musakhale patali ngati alendo, ndikuuzeni za chigayo chathu.

M'zaka zija matipate atabwera, kwathu kunsi kwa phiri la Michesi kunali chigayo chimodzi chokha, cha bambo wina wachikulire. Dizilo atayamba kusowa, anachitseka. Tinabwerera ku mtondo. Ine phewa linali litayamba kale kuwawa, pakhomo ana ambiri. Ndinkasinja ndikulira chamumtima.

Ndiye kunabwera alangizi a zaulimi, kwawo kumpoto. Ataona mpanda wa msatsimanga umene tinkatchingira mbuzi, anati njere zake zili ndi mafuta oyendetsa chigayo. Koma mafutawo ngolemera, amatseka injini. Kuti apepuke amafuna kusakaniza ndi spiriti wa kutauni, kenako phulusa la makoko a nthochi.

"Phulusalo lili ngati nkhoswe," anatero. "Limagwirizanitsa awiriwo, ilo n'kutsala pansi."

Tinatola njere, amuna n'kufinya mafuta odzaza ndowa. Za phulusa alangiziwo anatuma mlamu wanga. Iye anati mlendo sungamupatse phulusa lili choncho ngati zinyalala. Anacheza chidulo bwinobwino ndi madzi, monga timachitira pophika therere, n'kuthira m'mafutamo alangizi asanafike.

Atafika anavundula. Zinthu zija zinangolimba, mbuu, ngati phala logona.

"Amayi, mwathiramo madzi?"

"Nanga kwanuko phulusa mumabwira louma?" anatero mlamu.

Alangizi anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwapanga sopo!"

Tonse tinaseka, koma ine kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha. Mafuta anali atatha, njere zina mpaka mitengo ibalenso. Ndinapitiriza kusinja, phewa ndikulithowa ndi madzi otentha.

Njere zitakhwimanso, phulusa tinaliwotcha kawiri mpaka kuyera, n'kulivundikira mumphika kuti lisakoke chinyezi. Mlamu sanaloledwe kuyandikira ndi chikho. Ulendo uno mafuta anagawikana, opepuka pamwamba. Titawathira mu injini, chigayo chinatsokomola, chinatsokomolanso, kenako chinalira. Dengu langa ndilo linayamba kulowa.

Alangizi aja anawasamutsira ku boma lina, sitinawaonenso. Mwini chigayo anamwalira, mwana wawo ndiye akugayitsa, koma anabwerera ku dizilo. Mlamu mpaka lero amagulitsa sopo wa msatsimanga pamsika, ndipo amati nzeruzo n'zake. Ine phewa linapuma. Mtondo uja uli kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira.