Kukatenga Mdzukulu kwa Mneneri wa pa Esiteti

Tinanyamuka pa Kasungu boma m'mamawa, mvula ya Febuluwale itangokata, ine mtima uli bwatabwata. Esinati, mwana wa malemu mkulu wanga, ndi tenanti pa esiteti ina ya fodya kupitirira Chulu. Mnzake anandiimbira foni kuti kamwana ka Esinati, Tadala, kakutentha thupi ndi kukomoka, koma mneneri wina wa pa esitetipo waletsa chipatala. Akuti mankhwala ndi a anthu opanda chikhulupiriro.

Ndekha sakanandipatsa mwanayo. Kwathu kuno nkhani yotere imafuna mwinimbumba, ndipo mwinimbumba wathu ndi mlongo wanga Yona, mphunzitsi wa sayansi amene anasiya tchalitchi n'kumalengeza kuti Mulungu kulibe. Ine ndine mayi wa Mvano. Tangoganizani anthu awiri otere pampando umodzi.

Kagalimoto ka matola kanatilipiritsa masauzande asanu aliyense. Nkoyenera anthu asanu ndi awiri, koma tinalowamo khumi kuphatikizapo thumba la feteleza limene linakhala bwino kuposa tonsefe. Tisanatuluke n'komwe m'tauni, Yona anayamba.

"Mwaziona, achemwali? Zipatso za chipembedzo ndi zimenezi. Malungo amabwera ndi udzudzu, tizilombo take timaoneka pa makina. Palibe mzimu pamenepo."

"Ndakana ine kuti ndi udzudzu?" ndinatero. "Ndimagona m'neti, achimwene, ndipo ndimapemphera ndili m'neti momwemo. Nzeru zopangira makinawo mukuti zinagwa mu mtengo?"

"Zinachokera mu ubongo."

"Nanga chipatala tikufunachi anamanga ndani? Si amishoni?"

Dalaivala anaseka mpaka kugwetsa tayala m'dzenje. Ine sindinaseke. Chimene chinkandiwawa n'chakuti mdzukulu wathu akufa, iye n'kumusandutsa chitsanzo cha pa bolodi.

Tara itatha tinalowa msewu wa fumbi umene mvula inausandutsa phala. Uku ndi uku fodya yekhayekha, zigafa zodzaza masamba olendewera, azimayi akusoka fodya manja ali bii. Pamlatho wina galimoto inatitimira ndipo tonse tinatsika kukakankha. Bambo wina wachikulire, mlimi wa ku Chulu komweko, anakankha moyandikana ndi Yona.

"Aphunzitsi, ndamva zonse," anatero akupuma wefuwefu. "Ngati Mulungu kulibe, wondibera pa sikelo ya fodya adzamufunse ndani?"

"Malamulo, bambo. Munthu safunika Mulungu kuti akhale wabwino."

"Malamulo ake ati? Amene amafika kuno ndi galimoto yotitimirayi?"

Yona anayankha kuti anthu ambiri osapemphera ndi achilungamo, ndipo ambiri opemphera ndi mbava. Zinandipsetsa mtima chifukwa sananame. Ndinangomuuza kuti chilungamo chakecho anayamwira kwa amayi athu, amene ankatidzutsa ndi nyimbo ya tchalitchi, ndiye asamadye za m'nkhokwe uku akunena kuti munda kunalibe.

Pa Chulu tinafika dzuwa lili pamutu, matope mpaka m'mawondo. Tinagula chimanga chootcha n'kumadyera m'njira, tili pa njinga zamoto ziwiri za kabaza. Wondinyamula ine atamva komwe tikupita anapukusa mutu. Anati mneneriyo amamudziwa, ndipo chaka chatha dzino litamuvuta anamunyamula yekha kupita naye kuchipatala kukazulitsa. Chitsononkho ndinachiponya kutali ndi ukali.

Nyumba za matenanti ndi tizisakasa ta udzu kuseri kwa zigafa. Kuyimba tinakumvera patali. M'kati munali mdima ndi fungo la fodya wouma, Esinati ndi azimayi ena akuyimba. Tadala anali gone pamphasa, milomo yoyera, maso atatembenuka. Pambali pake panaima mwamuna wa jekete yonyezimira, Baibulo m'manja, akukuwa ngati Mulungu ndi gonthi.

Yona anaiwala ulemu wonse. "Esinati, nyamula mwana! Zopusa zimenezi zithe lero. Palibe amene akumva phokoso lanuli kumwambako."

Atangotero anaononga zonse. Esinati anadzigwetsa pa mwana n'kumufumbata. Mneneri anamwetulira, nati, "Mwamumva? Ndinakuuzani kuti Satana atuma munthu."

Apo mkwiyo wanga unasiya mlongo wanga n'kugwera mwini wake. Ndinamuyandikira mpaka anabwerera m'mbuyo.

"Bambo inu, tsekulani Baibulo mwanyamulalo. Mundionetse pamene Ambuye anati odwala asafune sing'anga. Luka amene analemba uthenga mukukuwawu ankagwira ntchito yanji? Msamariya uja anangoimba nyimbo, kapena anatsuka mabala n'kunyamula munthu? Dzino lanu munakazulitsa kuchipatala, koma mwana wa mwini afere pamphasa! Mlongo wangayu wakhala akunyoza Mulungu kuchokera ku boma, ndipo mawu onse onyozerawo mwamupatsa ndinu."

Mneneri anayamba zoti ndili ndi mzimu woipa, koma ankalankhula akuyang'ana kukhomo.

Ndinagwada pafupi ndi Esinati.

"Amayi aang'ono," ananong'ona, "ndikamupereka kwa amalume, ndiye kuti ndamukana Mulungu. Akafera m'njira ndidzayankha chiyani?"

"Sukumukana, mwanawe. Tipemphera pompano, kenako tinyamuka."

"Amalume agwade nawo. Akagwada ndidziwa kuti sakumutenga kuti akaseke."

Ndinatembenuka. Yona anali chiimire pakhomo. Ndikumudziwa mlongo wanga, pa maliro a amayi enieniwo sanatsinzine popemphera. Sindinamupemphe, ndinangomuyang'ana. Nthawi yomweyo Tadala anayamba kugwedezeka, thovu lili kukamwa. Yona anagwada pansi, mawondo onse awiri.

Pemphero langa linali lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ameni asanathe, Yona anali atamunyamula kale mwana.

Tinadula njira za m'minda kulowera ku chipatala cha mishoni, Yona patsogolo ndi Tadala pachifuwa, ine ndi Esinati titapanikizana pa njinga yachiwiri. A kabaza sanatchule n'komwe za mtengo. Tinafika dzuwa litapendeka. Namwino anamubaya chala, nati ndi malungo aakulu ndipo magazi achepa kwambiri. Anatikalipira tonse osasankha wopemphera ndi wosapemphera, ndipo ndinaona kuti akulondola. Magazi a Yona anagwirizana ndi a mwanayo, ndiye anamugoneka Yonayo pabedi n'kuyamba kumutenga magazi.

Ndinakakhala pambali pake, ndipo mkwiyo unali usanathe. Tsiku lonse ndinayankha mfundo zake imodziimodzi koma sindinamusunthe ngakhale pang'ono. Ndinaphunzira kuti ife Akhristu timathamangira kutsutsa osakhulupirira, pamene amene akupha ana m'dzina la Yesu timawasiya chifukwa anyamula Baibulo. Tikanayamba tathana ndi amenewo, mwina alongo athu akanatimvera.

Esinati analowa akulira, nati Tadala watsegula maso ndipo wapempha madzi. Anagwira dzanja la amalume ake n'kunena kuti Mulungu awadalitse. Atatuluka, Yona anayang'ana kudenga.

"Achemwali, musakalengeze ku Mvano. Ndinagwada, koma sindinakhulupirire."

"Sindinakufunseni," ndinatero. "Tambasulani mkono, magazi akuyenda pang'onopang'ono."