Chitsulo chimene ndinasunga pakhonde

Pakhonde la fulati yathu ku Woolwich, kuno kunja, panali chitsulo chokulungidwa m'thumba la mpunga. Chinakhala pamenepo zaka zambiri, pansi pa chingwe choyanikira zovala. Mkazi wanga anachikankha ndi phazi kosawerengeka, ndipo nthawi zonse ndinkamuuza kuti ndikachitaya Loweruka. Sindinkachitaya. Ndikatuluka kuti ndipitidwe mphepo, maso anga ankathamangira pomwepo, ine n'kubwereranso m'nyumba.

Chinali chitsulo chosefa utsi wa galimoto. Chimakhala kunsi, pakati pa injini ndi paipi yotulutsa utsi. Kugalaja tinkangochitchula kuti kati.

Mwezi watha mkamwini wanga anabwera kudzadya nafe masana a Lamulungu. Ali ndi galimoto yofiira imene imamveka ikadali kumsika. Anachotsamo kati kuti izilira ndi kuthamanga kwambiri, ndipo tsopano nthawi ya MOT, mayeso a boma oyeza galimoto chaka ndi chaka, inali itakwana. Popanda kati galimoto singakhoze mayeso a utsi. Anadikira kuti akazi alowe kukhitchini, n'kundisendera.

"Adadi, ndamva kuti muli ndi kachitsulo kena pakhondepo. Mundibwereke tsiku limodzi lokha. Inu ndinu akatswiri ake, zimenezi ndikudziwa."

Ankaseka. Ine sabata yonseyo sindinakhazikike. Ndinkakwera basi popanda kumene ndikupita, n'kutsika, n'kubwerera wapansi.

Ndinabwera m'dziko muno ndili wamkulu kale, ndisakudziwa kuwerenga. Sukulu ndinaisiya ndisanagwire bwino pensulo, ndipo umakaniko ndinauphunzira ku Ndirande, pansi pa magalimoto a anthu. Kuno ndinapeza ntchito m'galaja ina ku Barking, pansi pa mlatho wa njanji. Sitima ikamadutsa pamwamba, masipanala ankanjenjemera pakhoma. Makasitomala athu ambiri anali amuna okonda liwiro. Ankabwera kuti tichotse kati, tiikepo paipi yopanda kanthu m'kati, tikoze injini kuti izimwa mafuta ambiri. Galimoto yotero imaphulika ngati mfuti pamalo oima.

Bwana wathu ankasunga kati mmodzi yekha pashelefu. Galimoto ikafika nthawi ya mayeso, ntchito yanga inali kumangirira katiyo m'mawa, kuthamangitsa galimotoyo mumsewu waukulu kuti chitsulo chitenthe bwino, chifukwa chikatentha ndi pamene chimasefa, kenako kuilowetsa pamalo oyezera amene anali tsidya lina la msewu wathu. Ikakhoza, ndinkaibweretsa, kumasula mabawuti akadali otentha, n'kubwezera paipi ija. Pofika madzulo kati ali pashelefu pake. Chitsulo chimenecho chinakhoza mayeso kambirimbiri, pansi pa magalimoto amitundumitundu.

Woyeza anali bambo wina wa ku Zambia, wamkulu pang'ono kwa ine. Ndinkawatchula kuti amudala, iwo n'kumanditchula kuti aMalawi. Ankalowetsa kachipangizo kawo m'paipi ya utsi, kundiuza kuti ndiponde mafuta, n'kuyang'ana manambala mwakachetechete. Kenako makina ankatulutsa pepala. Tsiku lina anandipatsa pepalalo, ine ndili nalo m'manja n'kuwafunsa ngati galimoto yakhoza. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anazindikira kuti sindinkadziwa kuwerenga. Anangoti masana ndibwere ndi tiyi wanga.

Umo ndi mmene ndinayambira sukulu. Tinkakhala pamatayala akale kuseri kwa malo awo, iwo n'kumalemba zilembo kumbuyo kwa mapepala a utsi otayidwa. Ankandinyoza kuti dzanja langa limagwira pensulo ngati likufuna kuimasula bawuti. Dzina langa ndinalilemba koyamba pa pepala lotero, mafuta akuda ali m'mbali. Patapita miyezi anandiperekeza okha kukalembetsa sukulu ya akuluakulu ya Loweruka. Ndinayambanso kumvetsa manambala a pamakina awo, ndipo ndinkadziwa tsopano kuti galimoto ndiitenthetse kufika pati kuti idutse. Zimene anandiphunzitsa ndinazigwiritsa ntchito powapusitsa iwo omwe.

Tsiku lina galimoto yakuda inakhoza m'mawa. Mwini wake anaitenga masana, paipi ndinali nditabwezera kale. Sanapite patali. Anamuimitsa pamsewu chifukwa cha phokoso, ndipo oyang'anira za magalimoto a boma atasuzumira kunsi anapeza kuti kati mulibe, pamene chikalata chinkati galimotoyo yayezedwa tsiku lomwelo ndipo ili bwino. Mwini galimoto anati iye sadziwa za kunsi kwa galimoto. Bwana wathu anati ife tinangosintha mafuta, paipi sitinaigwire. Zonse zinagwera amudala: ankaoneka ngati anasaina galimoto imene sanaiyeze, kapena anapatsidwa kenakake.

Oyang'anirawo anafika kugalaja kwathu atatenga pepala loti ndisaine. Linanena kuti ndinapititsa galimotoyo kukayezetsa mmene inalili, ndipo sindinaikepo kapena kuchotsapo chilichonse. Chaka chimodzi m'mbuyomo ndikanatha kunena kuti sindinadziwe chimene ndinasaina. Koma ndinaliwerenga lonse, pang'onopang'ono, chala chili pamzere monga anandiphunzitsira. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali asanakhazikike, ndipo mkazi wanga ndi ana anali atangofika kumene. Bwana anali ataima pakhomo akupukuta manja. Ndinalemba dzina langa, bwinobwino, zilembo zonse.

Amudala anawalanda chilolezo choyezera. Sabata yomweyo bwana anandiuza kuti ndikataye kati kutali. Ndinamuika m'thumba n'kupita naye kunyumba. Chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero. Kusukulu ya Loweruka ndinapitiriza, koma kuseri kwa matayala kuja sindinapondekonso. Ndikawaona patali mumsika wa Barking ndinkakhota.

Mkamwini wanga ataimba foni kufunsanso za chitsulocho, ndinamuuza kuti akagule kati wake, amuike, ndipo amusiye momwemo. Anadabwa, nati nkhani yaing'ono ngati imeneyi ndikuikulitsiranji. Ndinadula foni. Mawa lake ndinafunsa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ngati akuwadziwa bambo a ku Zambia amene kale ankayeza magalimoto. Ankawadziwa. Amakhala ku Ilford, kwa mwana wawo wamkazi.

Ndinanyamula thumba lija n'kukwera sitima. Ndi lolemera kuposa mmene limaonekera, ndipo linkagunda mawondo a anthu. Pamalo osinthira sitima ndinakhala pabenchi, sitima ziwiri n'kundidutsa. Ndinaganiza zolisiya pansi pa benchi n'kubwerera, koma kuno thumba losiyidwa limaimitsa siteshoni yonse poopa bomba. Ndinakwera yachitatu.

Mwana wawo ndiye anatsegula chitseko. Ndinamulonjera m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chingerezi, n'kundilowetsa. Amudala anali pampando pafupi ndi zenera, atawonda, ndodo ili pambali. Anandizindikira nthawi yomweyo, nafunsa ngati dzanja langa linaphunzira ulemu ndi pensulo. Mwana uja atapita kukaika madzi a tiyi, ndinamasula thumba n'kuika chitsulo pansi, patsogolo pawo. Mawu amene ndinakonza m'sitima anathawa onse. Ndinangoti ndi ine ndinachichotsa tsiku lija.

Anachitembenuza ndi ndodo mpaka anapeza pamene ndinachiwotcherera kale, chipsera chokhota ngati mbedza.

"Nenze kuchiziba ichi," anatero m'Chinyanja chawo. "Nachiona pansi pa mamotoka ambiri maningi. Imwe aMalawi, kuwotcherera kwanu kunali koipa."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati ntchito yawo inali kuyeza galimoto mmene yabwerera pamaso pawo, ndipo iliyonse inkabwera ndi kati, utsi wake uli bwino. Koma anavomera kuti ankadziwa chimene chinkachitika madzulo, ndipo ankasankha kuyang'ana kumbali chifukwa ankadziwa kuti ndili ndi ana. Pamenepo, anati, nawonso anali ndi mbali yawo. Atafunsidwa ananena zoona, kuti kati analimo, koma panalibe wina wowaikira umboni. Oyang'anira aja anawaonetsa pepala langa. Anati chimene chinawapweteka si bodzalo ayi, koma kuti dzinalo linalembedwa bwino kwambiri.

Ndinapepesa. Analoza kukhitchini ndi ndodo yawo. Anati chilolezo alibe nacho ntchito tsopano, maso anatha. Koma mwana wawoyo ndi mlongo wake anakula akumva anthu akunena kuti bambo awo anachotsedwa ntchito chifukwa cha ziphuphu. Anawo sanawafunsepo, ndipo kusafunsako ndi kumene kumawasonyeza kuti amakhulupirira.

"Manje imwe muziba kulemba. Lembani. Osati kuniuza ine, ine niziba kudala, si za lero. Mulembe vonse, mubwere mubabelengele."

Ndinati ana awo Chichewa cholemba sangachiwerenge. Anati n'chifukwa chake ndidzawerenge ndekha, mokweza, pakuti kumva amamva. Mwana uja analowa ndi tiyi, naona chitsulo pakapeti yake yoyera, n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Bambo ake anamuuza kuti adikire Lamulungu, ndipo aitanenso mlongo wake.

Chitsulocho anachisunga iwo. Pakhonde pathu patsala chidindo cha dzimbiri chimene mkazi wanga wachikwecha kawiri osachoka. Ndamuuza zonse dzana, ndipo kuyambira pamenepo akundiyankhula mawu ochepa. Wanena kuti Lamulungu apita nane, koma sananene ngati akupita kukandilimbitsa mtima kapena kukamva bwino.

Ndalemba izi masiku anayi patebulo la kukhitchini, ndikuimirira pafupipafupi. Ndime ya pepala lija ndailemba katatu. Koyamba ndinalemba kuti bwana anandikakamiza, koma sanatero, anangoima pakhomo. Ndinafufuta. Lero ndi Lachisanu. Ndayesera kuwerenga mokweza ndili ndekha, ndipo mawu amandithera ndikafika pa dzina. Ndiyesanso mawa.