Madzi a Loweruka masana

Ntchito yanga yoyamba inali pa fakitale ina ya sopo ku Limbe. Ndinkayeza madzi otuluka m'paipi ya kuseri, amene ankathira m'kamtsinje. Lolemba lililonse ndinkatunga mabotolo atatu n'kukaona mafuta ndi soda zotsalamo, kenako n'kuyerekeza ndi makatoni a sopo amene tinapanga sabata yapitayo. Tinkafuna kudziwa kuti katoni imodzi ikusiya nyansi zochuluka bwanji. Manambala anga ankatuluka okongola, abwana n'kumandiyamikira.

Kumunsi kwa paipiyo kunali dimba la mayi ena a ku Chinyonga. Tinkangopatsana moni. Tsiku lina anatsamira khasu n'kundiitana.

"Achemwali, mumatunga Lolemba lokha?"

"Eya, mayi. Ndi mmene anandiuzira."

"Lolemba madzi amakhala atapuma. Mubwere Loweruka masana."

Ndinapita, ngakhale monyinyirika. Paipi inkalavula thovu lotuwa, lonunkha moti maso ankachita kuwawa. Inali nthawi imene anzathu ankatsuka mathanki asanaweruke. Mayiwo anandionetsa mpiru wopserera m'mphepete mwa madzi, kenako mapazi awo osweka. Sanakalipe. Anangondigwirira chikwama pamene ndinkatunga.

Lolemba ndinaika mabotolo awiri patebulo la abwana, loyera ndi lotuwa. Ananyamula lotuwalo n'kuliyang'ana pawindo nthawi yaitali.

"Anakutumani ndani Loweruka?"

"Mayi a kudimba, bwana."

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Koma anaitana kapitawo, ndipo tonse atatu tinatsata paipi ija. Tinapeza kuti madzi otsukira mathanki sankadutsa m'dzenje losefera, chifukwa ankabwera ambiri nthawi imodzi n'kusefukira. Kukumba dzenje lina kunatenga miyezi. Ine ndinayamba kutunga masiku osinthasintha, ndipo manambala anayamba aipa kaye asanatsike zenizeni. Kapitawo anazindikiranso kuti sopo wabwinobwino ankapita ndi madziwo, anyamata ake n'kuyamba kupala mathanki asanathire madzi.

Nditapita kukathokoza, mayiwo anaseka.

"Ndinauzapo anthu ambiri, koma inu nokha munabwera. Gwirani kheni iyi, dzuwa likulowa."

Tinathirira limodzi mabedi anayi. Chaka chotsatira anasamukira kwa mwana wawo ku Soche, ndipo sindinawaonenso. Ndikanakonda adziwe kuti ntchito imene ndadyera zaka zonsezi anandiphunzitsa ndi iwo.