Munthu amene Youenn anavuula

Youenn Guillou anakulira m'boti la bambo ake, akusodza kufupi ndi doko la Lorient. Nsomba zitayamba kusowa, analembedwa ntchito yoyendetsa boti la injini lotsatira chombo cha mpikisano chikamayeserera. Chombocho chinali cha matanga, koma chikapeza mphepo chinkanyamuka pa zipsepse zake zazitali n'kumauluka pamwamba pa madzi, chikulira ngati mayi wofedwa. Ntchito ya Youenn inali kuvuula aliyense wogwa.

M'mawa wina kunagwa nkhungu. Anyamata a m'chombo akuyesa zipsepse zatsopano, Youenn anaona munthu akugwera m'madzi, khuvu! Anakhotetsa boti n'kumukoka ndi kolala. Munthuyo anali wolemera modabwitsa, wozizira ngati nsomba ya mufiriji. Anakakhala kumbuyo osavula chisoti, nkhope itabisika.

Wailesi inalira. Anali Gwenola, mtsogoleri wa chombo.

"Madala, mwagona? Mukutsaliranji?"

"Ndikutola mwana wanu amene mwataya."

"Mwalawa chiyani m'mawa uno? Kuno tonse tilipo!"

Youenn anacheuka pang'onopang'ono. Munthu uja anali akadali pompo, jekete lake lachikale litamera ndere m'mapewa. Ankayang'ana kumene chombo chinkalirira.

"Chikuthamanga kuposa chathu chija," anatero, mawu ake akumveka ngati ochokera m'chitsime. "Achimwene, ndiperekezeni kumtunda. Ndazizidwa."

Youenn anavula jekete lake n'kuliponya kumbuyo osayang'ana, kenako analunjika kudoko. Injini inkabuula ngati yasenza miyala. Atangolowa padoko, boti linapepuka mwadzidzidzi. Kumbuyo kunangotsala chithaphwi chonunkha matope a pansi pa nyanja, ndipo Youenn jekete lake lija sanalionenso.

Anyamata a m'chombo anamuseka mpaka kugwira nthiti. Gwenola yekha sanaseke. Iye anaona zimene kamera ya chombo inajambula: Youenn atawerama, misempha itatuluka m'khosi, boti litapendekeka, koma m'manja mwake mulibe kanthu.

Youenn sanasiye ntchito. Anaigwira mpaka imvi mbuu, ndipo anavuula amoyo ambirimbiri. Anyamatawo ankangodandaula chinthu chimodzi. Munthu ukagwa, madzi akukulowa m'mphuno, mkuluyo ankafika msanga ndithu, koma ankaimitsa boti chapatali pang'ono n'kukuyang'anitsitsa.

"Iwe, dzina lako ndani?"

Ukayankha, m'pamene ankatambasula dzanja.