Kandege Kanagwera Pakhomo pa Amalume

Ine ntchito yanga inali yokonza mawailesi pa Nsipe, pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu. Za ndege sindinkadziwa kanthu. Koma mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni ndi kahelikopita koseweretsa, kotalika ngati mkono, koyendetsa ndi rimoti, anakaika patebulo panga n'kunena kuti, "Alamu, paja mumadzitama kuti cha mawaya sichikukanikani. Nayi ntchito." Anthu anali pomwepo akumva. Ndikanakana bwanji?

Vuto linali kumchira. Mapiko apamwamba ankazungulira bwinobwino, koma kakangonyamuka pansi, thupi lonse linkayamba kupota ngati nguli. Ndinasintha mabatire, ayi. Ndinachotsa ulusi umene unakulungana pa kapiko ka kumchira, ayi ndithu. Tsiku lachitatu ndinapeza kuti timawaya tiwiri topita ku kamota ka kumchirako tinali titaduka m'kati. Magetsi anali atazima monga mwa masiku onse, ndiye ndinawotcha msomali pambaula n'kulumikiza ndi mtovu. Timawayato tonse tinali takuda, ine n'kungoti waya ndi waya basi. Uchitsiru wanga unali pamenepo. Ndinatitembenuza, kapiko n'kumakankhira mbali yomwe thupi linkapotera kale.

Poopa kusekedwa pamsika, ndinapita nako kumudzi kuti ndikayese ndekha m'mawa kuseri kwa nkhokwe. Nditangokankha kabatani, mayo ine! Kanapota kuposa kale, kakulira mokwiya, kanyali kake kofiira kakuphethira. M'malo mosiya batani, chala changa chinakankha zedi. Kanakwera kupitirira mtengo wa mango, mphepo n'kukatenga, n'kukagwera kumunsi kwa mudzi.

Kumunsiko kunkakhala amalume, alongo awo a mayi anga, munthu wokalamba amene anandilera bambo atamwalira. Ankakhala okha. Sabata yomweyo tinali titaika maliro a mwana wina wa m'mudzimo, wodwala malungo, ndipo manong'onong'o anali atayamba kale oti imfayo siinali wamba.

Ndisanafike n'komwe ndinamva mfuu ya amayi ochokera ku mjigo: "Ndege! Ndege ya mfiti yagwa! Mafuta aithera pakhomo pa mwini wake!"

Ndinafika pakhomo pa amalume. Bwalo linali litadzaza. Amalume anali atakhala pakhonde, bulangete kumapewa, kahelikopita kali chagada pafupi ndi mapazi awo, kanyali kakuphethirabe. Bambo wina amene tinkaimba naye kwaya anali atasolola kale udzu padenga, machesi ali m'manja. Ena ananyamula miyala. Anthu a tchalitchi chimodzi, abale anzanga! Rimoti inali m'malaya mwanga, ndipo ndinene zoona, sindinaitulutse. Ndinaima kumbuyo ngati munthu wongodutsa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

"Madala, chinthu ichi n'cha ndani?" anafunsa wamachesi uja.

Amalume anakweza maso n'kundiona. Anaonanso chotupa cha m'malaya mwangamo. Kenako anayankha mosatekeseka kuti, "N'changa."

Aa! Ndinakankha anthu ndikukuwa, "Bodza! N'changa ine! N'chidole cha ku Joni ichi, mwapenga kodi anthu inu?" Ndinatulutsa rimoti, ndinaimika kahelikopita kaja n'kukankha batani. Kanadumpha, kanapota pafumbi, n'kudzigwetsa kokha. Ndinatsegula kunsi kwake n'kuwaonetsa batire, ndinawaonetsanso pamene ndinamata mtovu ndi manja angawa. Wina anaseka, ena n'kutsatira. Miyala inayamba kugwa pansi mwakachetechete, aliyense akuyang'ana kumbali. Wamachesi anati iye anangobwera kudzaona zimene zachitika. Panalibe ndi mmodzi yemwe wopepesa.

Atabalalika ndinagwada pakhondepo, misozi ili mbwee. "Malume, munaneneranji kuti n'chanu? Akanakuwotcherani m'nyumba!"

"Iwe uli ndi ana," anatero. Anakoka bulangete lawo. "Komanso usadzinamize kuti wayambitsa ndi kandege kakoka. Kuchokera ku mjigo kufika pano, njira yonseyo ndi ya mchenga, palibe mwala. Miyala ija achokera nayo m'makomo mwawo."

Anayang'ana pabwalo pamene miyala ija inali mbwerekete, kenako anandifunsa kuti, "Amayi ako unawaona?"

Ndinati ayi, sindinawaone.

"Anaima apo, pafupi ndi mtondo," anatero amalume. "Mwala wawo unali waukulu. Anaugwira ndi manja awiri."