Thumba la Apongozi pa Sikelo

Ufulu utabwera, azungu a kudepoti yathu yogula mbewu anayamba kulongedza mmodzimmodzi, mipando yawo n'kutsala ikutiyang'ana. Ine ndinali kalaliki wamng'ono. Ndinkalandira kwa alimi matumba a mtedza, umene kwathu timati nshawa, kuwayesa pa sikelo ndi kuwakweza m'malole opita ku Lusaka. Mpando umene ndinkaulota unali wa kalaliki wamkulu, wosunga makiyi a nyumba ya katundu. Mwini mpandowo ankapatsidwanso nyumba ya malata ku Kapata, ndipo mkazi wanga, amene anali woyembekezera, anali atatopa ndi kachipinda kathu kodontha. Ndinkaufuna mpandowo, sindibisa, ndinkaufuna mpaka kuwonda.

Bwana watsopano anali Mbemba wochokera kumigodi, wamtali, wa phwete lomveka mpaka kumsewu. Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachibale, choncho ankanditcha wodya mbewa. Ine ndinkamubwezera kuti wodya anyani, koma mumtima mokha, poti bwana ndi bwana. Anatiuza kuti atiyang'anitsitsa pa nyengo yogula mtedza, ndipo makiyi adzapita kwa amene salowetsa mtedza wosauma. Thumba limodzi lachinyezi limawoletsa anzake lole isanawoloke Luangwa.

M'mawa wina, ngolo zitandandalika mpaka kuchipata, ndinaona pamzerepo ng'ombe yothyoka nyanga imodzi. Ng'ombeyo ndinkaidziwa. Pambali pake panali apongozi anga, amayi a mkazi wanga, ochokera kumudzi wa m'njira ya ku Mwami. Zaka zonse mtedza ankabweretsa ndi amuna awo, koma chaka chimenecho mwendo unawagoneka bambowo.

Ana a masiku ano amakhala pampando umodzi ndi apongozi n'kumamwa tiyi. Ife ayi. Chikwatirire ndinali ndisanawayang'anepo kumaso kapena kuwalankhula. Tikakumana panjira, ndinkalowa patchire, minga kapena ayi, mpaka adutse. Ndiwo unali ulemu.

Ndinathamangira ku ofesi. "Bwana, chonde ngolo ija ailandire mnzanga. Ndi ya apongozi anga."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Iwe wodya mbewa, kwathunso apongozi timawathawa, nidziwa bwino. Koma kalaliki wamkulu sasankha ngolo. Manje pita." Anatulutsa mpando wake n'kuuika pakhonde kuti aonere bwino. Munthu wankhanza!

Ndinapita kungoloko chammbali ngati nkhanu. Apongozi anali atandiona kale. Anafunda chitenje kumutu n'kukhala pansi pafupi ndi gudumu, atandifulatira. Amuna onyamula katundu anatsitsa matumba, ine n'kumabaya lililonse ndi chitsulo chathu chamng'oma, kutapa njere zingapo ndi kuziluma. Mtedza wouma umathetheka pamano. Wa apongozi unkathetheka mokoma, njere zikuluzikulu zofiira, ndipo ndinayamba kupuma. Koma thumba lotsiriza, nditaluma, dzino linangolowa zyoo, osamva kanthu.

Ndinalumanso ina. Chimodzimodzi. Thumbali ndikalilowetsa, makiyi apita, nyumba yapita. Ndikalikana, ndikana bwanji, pakamwa pangapa? Ndinayang'ana kapitawo kuti andinenere, iye n'kuyamba kuyang'ana mitambo. Onyamula katundu aja mwadzidzidzi onse anali ndi minga kumapazi yofunika kuzula. Aliyense ankafuna kuona mmene mkamwini athere.

Panatsala ng'ombe yokha. Ndinavula chipewa, ndinanjuta pamaso pake, ndipo ndinati mokweza, "Iwe ng'ombe, ukawauze eni ngolo kuti nshawa zawo n'zabwino kopambana. Koma thumba ili lokha silinaume. Pepani, silingakwere lole."

Ng'ombe inangopitiriza kubzikula.

Kenako mawu anatuluka m'chitenje muja. "Iwe ng'ombe, uwauze akalaliki kuti sananame. Thumbalo taswa dzulo, ndipo makoko tinawawaza madzi kuti zala zisasupuke. Ndimati kapena mano awo ali ndi ulemu." Anawonjezera kuti, "Uwafunsenso ngati dzuwa la pano amagulitsa."

"Iwe ng'ombe, uwauze kuti dzuwa n'laulere, ndipo tenti yoyanikira ndiwabwereka."

Phwete limene linaphulika pamenepo sindidzaliiwala. Alimi anagwira m'mimba, kapitawo anakhala pansi, ndipo bwana pakhonde paja ankamenya bondo. Ine ndinkafuna nthaka itseguke, komanso chinachake chinkandigirigisha mkati, moti ndinathawira kuseri kwa sikelo kukasekera komweko.

Tsiku lonse apongozi anakhala pakona pa bwalo, akutembenuza mtedza wawo pa tenti ndi manja, msana uli kwa ine. Ndinkaopa kuti akwiya, ndipo ndinkaganiza kale zimene ndikamuuze mkazi wanga. Koma podutsa ndi matumba ndinawamva akuuza amayi anzawo a pamzere kuti, "Mwamuona uja wa sikelo? Ndi mkamwini wanga. Wandikaniza ine amene. Ndiye inu ngati zanu n'zonyowa, yanikiranitu." Ndipo anayanikadi. Masanawo bwalo lathu linafiira mtedza mpaka kumpanda.

Dzuwa litapendeka ndinalumanso njere za thumba lija, ndipo zinathetheka. Ndinalikweza pa sikelo, onyamula katundu n'kuliponya m'lole. Pamenepo bwana anatsika pakhonde, chinthu chikulira m'thumba la kabudula wake. Sanandiitanire ku ofesi. Anaima pakati pa bwalo, anatulutsa makiyi aja, n'kunena ndi mawu ake onse kuti, "Tenga, wodya mbewa. Lolemba utsegule ndiwe."

Makiyiwo ndinawalandira ndi manja awiri. Ndisanathokoze n'komwe, nthungululu inang'amba bwalo. Anali apongozi. Anali ataimirira, nkhope italoza kumpanda, dzanja pakamwa, akululutira mawaya ndi udzu wa kuseri, mapazi akupondaponda fumbi. Sakanatha kutembenuka, inenso sindikanatha kuwayandikira. Ndinagwada pomwepo, patali, kumbuyo kwawo, ndipo ndinawomba m'manja, makiyi ali m'chala, misozi ikutsika.